Muleya Anapambana Opanda Nsapato, Nanga Ife Tigule Ziti?

Loweluka lapitali ndinataya pafupifupi ola lathunthu pa tebulo limodzi la salaula mu msika wa Maramba, nsapato ina kudzanja lamanja, ina kumanzele. Mnyamata wogulitsa anayamba ndi kundinyengelela, kenaka anatopa nane. "Bosi, zonse izi ni olijino, belo tatsegula lelo. Sankhani chabe, simugula nyumba iyayi." Ndinaseka, koma sindinafulumile. Chaka chatha ndinafulumila pa tebulo lina, ndipo bondo langa lamanzele linalipila kwa miyezi iwili.

Ine sindine katswili. Ndimathamanga katatu pa sabata, mbandakucha, ndisanapite ku wailesi kumene ndimathandizako kuwelenga zidziwitso za malilo ndi za ng'ombe zosowa. Ndimachoka ku Dambwa, kutsikila mu tauni, ndi kutsata msewu wa Mosi-oa-Tunya kulowela ku mathithi, mpaka pamene mtima wandiuza kuti njovu zingakhale pafupi. Apo ndimabwelela. Masiku ano tilipo ambili pa msewu umenewu. Ena anauzidwa ku chipatala kuti BP yakwela, ena akulimbana ndi mimba, ena akufuna chabe chithunzi cha pa Facebook, ndipo ine ndikusunga ndalama kuti nyengo yozizila ikubwelayi ndikayese makilomita 21 pa Victoria Falls Marathon, mpikisano umene umayambila tsidya la Zimbabwe ndi kudutsa pa ulalo wathu. Tikaima kuti tipume, funso limene limabwela kawilikawili ndi limodzi: nsapato yabwino yothamangila ndi iti?

Funso limeneli lili ndi mbili yake, ndipo kwa ife a kuno ku Southern Province mbiliyo iyenela kuyamba ndi mnyamata amene analibe nsapato kumapazi.

Dzina lake anali Yotham Muleya, Mtonga wa ku Choma. Ngati munakhalako ku Lusaka, mwina munadutsapo pa msewu kapena pa sukulu ya pulaimale yotchedwa dzina lake osadziwa kuti anali ndani. Ine ndinamudziwa ndili wamkulu kale, zimene ndi zamanyazi kwa munthu amene amadutsa pa Choma ndi basi kangapo pa chaka. Mu 1958 Muleya anali wophunzila pa Hodgson ku Lusaka, kumene ankaphunzila kukonza mamotoka. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene munthu wakuda m'matauni ambili ankagulila nyama pa kawindo ka kumbali kwa butchala, osaloledwa kulowela pakhomo lalikulu. Masewela nawo anali ogawidwa chimodzimodzi: azungu bwalo lawo, ife lathu.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho kunabwela mlendo wochokela ku Britain, Gordon Pirie. Uyu sanali wothamanga wamba. Mu 1956 anaswa malekodi a dziko lonse pa mamita 5,000 ndi 3,000, ndipo pa Olympics ya ku Melbourne chaka chomwecho anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000. Anamukonzela mpikisano wa mamailosi atatu ku Salisbury, kumene lelo ndi Harare. Dzina la Muleya litapelekedwa, mkulu wina wa bungwe la zothamanga ku Southern Rhodesia anakana poyela kuti munthu wakuda athamange pamodzi ndi azungu, ndipo anakamba ndi mawu achipongwe amene sindingawalembe pano. Nkhaniyo inafika m'manyuzipepala, anthu anadandaula, ndipo pamapeto pake Muleya analoledwa.

Pa 6 Disembala 1958, bwalo lili matope, Muleya anaima pa mzele opanda nsapato. Mamailosi atatuwo, amene ndi pafupifupi makilomita 4.8, anawamaliza mu mphindi 14 ndi masekondi 48.5, ndipo anamusiya Pirie kumbuyo ndi mayadi pafupifupi 100. Welengelani nokha: ndi mphindi 3 ndi timasekondi tochepa pa kilomita iliyonse, m'matope. Ine pa tala wouma, nditavala nsapato ndi masokosi, kilomita imanditengela mphindi 6, ndipo ndimafika ndikupuma ngati bulu wokoka ngolo ya makala.

Chaka chotsatila anapeza mwayi wokaphunzila ku Central Michigan ku America. Anafika mu Novembala 1959, ndipo patangopita masiku ochepa motoka imene anakwela inachita ngozi. Anamwalila ali ndi zaka 19, Olympics ya ku Rome itatsala miyezi yosakwana khumi.

Nkhani imeneyi timakonda kuisimba molakwika. Ndinamvapo mnzanga wina akuti, "Mwaona, makolo athu sankafuna nsapato, ndife chabe tafewa." Tsiku lotsatila anayesa kuthamanga opanda nsapato pa tala wa ku Nakatindi Road, ndipo sabata yonse ankayenda ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Mwana wa kumudzi wa zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ankaponda pansi kuyambila tsiku limene anayamba kuyenda: kubusa, kumunda, ku sukulu ya makilomita angapo. Phazi lotelo lili ndi khungu lolimba ndi minofu yozolowela ntchito. Lanu ndi langa linakulila mu nsapato za sukulu ndi mapatapata, ndipo manje limathela tsiku pansi pa desiki. Komanso tisaiwale kuti ambili sanali opanda nsapato mwa kufuna. Nsapato inali chuma. Agogo anga ankasimba kuti pa Sondo ankanyamula nsapato m'manja njila yonse, ndi kuvala atafika pa mtengo wa pafupi ndi tchalitchi. Olo ife, pa mipikisano ya masukulu, tinkavula nsapato chifukwa zinali zomwezo za m'kalasi, ndipo zikang'ambika kunyumba kunali mlandu.

Wothamanga opanda nsapato amene dziko lonse limamudziwa ndi Abebe Bikila wa ku Ethiopia, msilikali wolonda mfumu Haile Selassie. Pa 10 Seputembala 1960 ku Rome anapambana marathon ya Olympics mu maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16, ndipo anakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kutenga mendulo ya golide pa Olympics. Chimene ambili amadumpha posimba ndi chifukwa chake anavula. Nsapato zatsopano zimene anali nazo ku Rome sizinamukwane bwino, zinamutulutsa matuza poyeselela, ndiye anasankha phazi limene ankalidziwa kusiyana ndi nsapato imene sankaidziwa. Patapita zaka zinayi, pa 21 Okutobala 1964 ku Tokyo, atangochitidwa opaleshoni ya m'mimba masabata ochepa m'mbuyomo, anapambananso. Ulendo uno anavala nsapato, ndipo anathamanga mofulumila kuposa ku Rome: maola 2, mphindi 12 ndi masekondi 11. Munthu yemweyo, golide kawili, kamodzi ndi nsapato, kamodzi popanda. Amene amafuna kuti Bikila awachitile umboni pa mkangano wa nsapato amasankha chaka chimene chawakomela.

Olympics ya ku Tokyo ija ili ndi kachigawo kathu. Timu yathu inalowa m'bwalo pa tsiku lotsegulila ngati Northern Rhodesia. Tsiku lotseka linali 24 Okutobala, patangopita masiku atatu Bikila atapambana, ndipo anatuluka ngati Zambia, ndi mbendela yatsopano.

Nanga nsapato zimene tikukanganilana lelo zinachokela kuti? Chiyambi chake ndi mphila. Mu 1844 Charles Goodyear wa ku America analembetsa njila yophikila mphila kuti isanyete kukatentha ndi kusweka kukazizila, ndipo kuchokela pamenepo kunabadwa nsapato ya nsalu pamwamba ndi mphila pansi. Ndi makanvasi omwe aja. Kwa ambili a ife ndi makolo athu, nsapato ya masewela inali kanvasi yoyela ya Bata, yochapidwa Loweluka ndi kupakidwa choko kuti iwale Lolemba. Kampani ya Bata inayambila ku Zlín, mu dziko limene lelo ndi Czech Republic, mu 1894, ndipo kuno inamanga fakitale ku Lusaka ndi malo ofufutila zikopa ku Kafue. Kanvasi inali yopyapyala, yosalemela, ndipo ntchito yake inali imodzi chabe: kuti minga ndi miyala zisakulase.

Zinthu zinasintha pamene anthu wamba anayamba kuthamanga. Ku New Zealand, mphunzitsi wina wa othamanga, Arthur Lydiard, ankalimbikitsa azibambo achikulile, ena odwala mtima, kuti azithamanga pang'onopang'ono chifukwa cha thanzi. Bill Bowerman wa pa yunivesite ya Oregon ku America anakaona zimenezi mu 1962, anabwelela kwawo ndi kuziphunzitsa, ndipo mu 1967 anatulutsa buku lotchedwa Jogging. Bowerman yemweyu ndi mmodzi wa amene anayambitsa Nike. Anatenga chiwaya cha magetsi cha mkazi wake chophikila ma waffle ndi kuthilamo mphila kuti apeze soli yogwila pansi koma yopepuka, ndipo mu 1974 nsapato ya soli yotelo inalowa m'mashopu. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 makampani anayamba kuika siponji yopepuka yotchedwa EVA pakati pa phazi ndi soli.

Apa ndi pamene nkhani ikutikhudza. Kuyambila nthawi imeneyo, kasitomala wamkulu wa nsapato yothamangila sanalinso katswili wa thupi lopepuka ngati Muleya. Anali munthu ngati ine: wolemelako, wochedwa, wothamanga pa tala. Ndipo mtima wa nsapato unachoka pa nsalu ndi mphila zimene maso amaona, unapita mu siponji ya pakati. Kanvasi ikatha, aliyense amaona, chala chimatulukila. Siponji imafa mwakachetechete. Ili ndi timabowo ta mpweya tambilimbili, ndipo nthawi iliyonse ukaponda timaphwanyika pang'ono, mpaka tsiku lina sitibwelelanso. Opanga nsapato ndi aphunzitsi ambili amati nsapato yotele imatumikila makilomita apakati pa 500 ndi 800. Pamwamba ingaoneke yatsopano, mkati yatha kale.

Gwilizanitsani zimenezi ndi mbili ya tauni yathu. Livingstone, imene inali likulu la Northern Rhodesia kuyambila 1911 mpaka 1935, sinali tauni ya alendo oona mathithi chabe. M'zaka za m'ma 1970 kuno ankalumikiza mamotoka a Fiat, ankapanga mawailesi, ndipo kunali mafakitale osoka zovala ndi oluka mabulangeti. Funsani achikulile a ku Libuyu ndi ku Linda, ambili anagwilako. Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa, ndipo zaka za m'ma 1980 zinali za mizele pa mashopu. Zovala zovalidwapo kale zinalipo kuyambila nthawi ya atsamunda, zinkalowela ku Congo, mpaka anthu ankazitchula dzina la malile a Mokambo. Achibale athu ku Chipata ndi ku Malawi amati kaunjika. Koma boma la MMD litalowa mu 1991 ndi kutsegula malile a malonda, mabelo anasefukila, ndipo mafakitale athu osoka anatsekedwa imodzi ndi imodzi. Mawu akuti salaula ndi a Chibemba, kutanthauza kusankha pa mulu. Mayi wina wofufuza, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lathunthu la malonda amenewa mu 2000, mutu wake Salaula.

Sindikudandaula za salaula, ndingakhale wachinyengo. Inativeka tonse, ndipo ndi imene inabweletsa Asics, Brooks ndi New Balance pa mapazi a anthu amene sakanazigula mu shopu. Koma jekete ya salaula ndi nsapato yothamangila ya salaula ndi zinthu ziwili zosiyana. Jekete imatayidwa chifukwa fashoni yasintha kapena mwini wake wanenepa. Nsapato yothamangila nthawi zambili imatayidwa chifukwa mwini wake ku London kapena ku Toronto wawelenga makilomita ake ndipo waona kuti siponji yafa. Amaipeleka ku bungwe lothandiza osauka, imasankhidwa, imapanikizidwa mu belo, imakwela sitima ya pamadzi, kenaka lole, ndipo ikafika kuno imachapidwa ndi bulashi mpaka kuwala. Iwe umagula nsapato pamodzi ndi makilomita a munthu amene sudzamuona.

Ndi zimene zinandichitikila. Nsapato ya chaka chatha inali yokongola, ya buluu, dzina lalikulu pambali. Sindinaione kumbuyo. Mwini wake woyamba ankaponda ndi kunja kwa chidendene, ndipo siponji inali itapendekela mbali imeneyo. Kwa masabata atatu mwendo wanga unkakakamizidwa kuyenda mayendedwe a munthu wina. Bondo linayamba ndi kudandaula pa chitunda chokwela kubwelela mu tauni, kenaka linakana olo kutsika masitepe a ku wailesi. Wogulitsa sindimuimba mlandu. Iye anagulitsa chimene chinatuluka mu belo, ine ndi amene sindinafunse.

Mwina mukuganiza kuti ogula zatsopano m'mashopu a kunja ali ndi yankho. Mbili ikuonetsa kuti nawonso akhala akutembenuzidwa uku ndi uku ngati nsomba pa mbaula. Kuyambila m'ma 1980, kwa zaka pafupifupi makumi atatu, chiphunzitso chinali chakuti phazi limene limagwela mkati poponda ndi lolakwika ndipo liyenela kuwongoledwa. Ankakuuza kuti unyowetse phazi, uponde pa pepala, ndipo chidindo chako chikuuze mtundu wa nsapato: phazi lophwathalala nsapato yolimba, phazi lokwela pakati nsapato yofewa. Zinkamveka zanzelu. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 asilikali a ku America anaziyesa pa anyamata ndi atsikana masauzande olowa usilikali. Ena anapatsidwa nsapato molingana ndi chidindo cha phazi, ena anapatsidwa mtundu umodzi onse. Kuvulala sikunasiyane.

Ndiye mphepo inatembenuka. Mu 2009 kunatuluka buku la Christopher McDougall, Born to Run, lokamba kuti nsapato zokhuthala ndi zimene zikuvulaza anthu. Mu 2010 Daniel Lieberman wa pa Harvard anafalitsa kafukufuku amene mbali ina anachitila ku Kenya, woonetsa kuti ozolowela kuthamanga opanda nsapato kawilikawili amaponda ndi kutsogolo kwa phazi, osati chidendene. Azungu anayamba kulipila ndalama zambili kugula nsapato zopyapyala zokhala ndi zala zisanu ngati magulovu, kuti amve ngati alibe nsapato. Agogo anga akanamva akanaseka mpaka kugwa pa mpando. Ambili anasintha mwadzidzidzi, mapazi osazolowela, ndipo anavulala. Mu 2014 kampani ya Vibram, imene inkapanga nsapato za zala zija, inavomela kulipila madola 3.75 miliyoni pothetsa mlandu wa ogula amene ankati malonjezo ake a zaumoyo analibe umboni, ngakhale iyo sinavomele kulakwa. Chondiseketsa ine ndi chakuti Gordon Pirie, yemwe uja anasiyidwa ndi Muleya m'matope, ankatsutsa nsapato za zidendene zokhuthala kalekale mkanganowu usanatchuke, ndipo zili m'buku lake limene linatuluka iye atamwalila mu 1991.

Posakhalitsa mphepo inatembenukanso, ulendo uno kupita ku nsapato zokhuthala kuposa kale lonse. Mu 2017 Nike inatulutsa Vaporfly, ya siponji yatsopano yodumpha ndi kachidutswa kopyapyala ka kaboni mkati. Pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna, Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga makilomita 42 a marathon mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 atavala mtundu wina wa nsapato zimenezi, ngakhale sinawelengedwe ngati lekodi chifukwa sunali mpikisano wamba. Mkangano unakula mpaka mu Januwale 2020 bungwe la World Athletics linaika lamulo lakuti soli ya nsapato ya mpikisano wa pamsewu isapitilile mamilimita 40. Ndipo mu Seputembala 2023 ku Berlin, mayi wa ku Ethiopia, Tigst Assefa, anamaliza marathon mu maola 2, mphindi 11 ndi masekondi 53, kuposa nthawi ya Bikila ya ku Tokyo. Nsapato ya Adidas imene anavala inkagulitsidwa madola 500, kupitilila K10,000 pa nthawiyo, ndipo inapangidwila mpikisano umodzi ndi kuyeselela pang'ono chabe.

Nsapato zimenezo zimagwiladi ntchito, sindikutsutsa. Koma zinapangidwila munthu amene akusaka masekondi, monga mmene nsapato za minga zimene ba Samuel Matete anapambana nazo ku Tokyo mu 1991, kapena zimene Muzala Samukonga anatengela mendulo ya mkuwa ku Paris mu 2024, zinapangidwila bwalo. Ine ndikusaka kuti ndifike zaka 60 ndikuthamangabe. Ndipo zimene mumaona zitapachikidwa m'mashopu ena mu tauni, zooneka ngati za Kipchoge koma pa mtengo wa thumba la unga, ndi gong'a. Mawonekedwe anakopela, siponji sanakopele. Nsapato yaitali yopanda siponji yeniyeni ili ngati kuthamanga utamangilila njelwa ziwili, ndipo pa mchenga wa ku Dambwa kakolo sachedwa kupindika.

Pa ziphunzitso zonsezi, chimene chakhalitsa ndi chosavuta mpaka kuchititsa manyazi. Benno Nigg, wasayansi wa ku Calgary ku Canada amene wathela moyo wake kuyeza mapazi ndi nsapato, analemba ndi anzake mu 2015 kuti malangizo akale aja alibe umboni wokwanila, ndipo kuti chotsogolela chabwino ndi mmene nsapato ikumvekela ku phazi la mwini wake. Ndi zomwe Bikila anachita ku Rome pamene anavula nsapato yomutulutsa matuza.

Ndiye Loweluka lija ndinapita ku Maramba masana, osati m'mawa, chifukwa phazi limatupa tsiku likamapita, ndipo limatupanso pothamanga, makamaka kutentha kwa kuno kwa Okutobala. Ndinanyamula masokosi amene ndimathamangila. Nsapato iliyonse ndinayamba ndi kuiika pa tebulo ndi kuiona kumbuyo, ngati ikuima chilili kapena yapendekela. Zitatu zinagwa pamenepo, kuphatikizapo ina yofiila imene mtima unali utaikonda kale. Ndinaona makwinya m'mbali mwa siponji, chifukwa siponji yotopa imachita makwinya ngati nkhope ya nkhalamba. Ndinatulutsa kansalu ka mkati ndi kukanikiza ndi chala chachikulu pamene pamakhala chidendene, kuona ngati pabwelela. Ndinatembenuza soli: ngati mizele yatha pansi pa zala ndi pa chidendene, nsapatoyo yayenda. Pa kapepala ka pa lilime la nsapato zambili pamakhala mwezi ndi chaka chimene inapangidwa, ndipo ina inali ya zaka khumi zapitazo. Guluu wa zaka khumi sapilila tala wotentha wa kuno. Za nambala ya saizi sindinalabadile kwambili, chifukwa UK, US ndi EU amawelenga mosiyana, ndipo makampani nawo sagwilizana. Ndinangoona kuti pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato patsale malo okwana chala chachikulu cha kumanja, ndi kuti chidendene chisavuke poyenda.

Pali nsapato zina mu belo zimene mwini wake anagula ndi changu cha Januwale, anathamanga kawili, ndi kuzitaya. Zimenezo ndiye golide wa salaula, ndipo zimadziwika ndi soli imene ikadali ndi timizele tonse ting'onoting'ono. Ogulitsa ochenjela amazidziwa ndipo amakweza mtengo, koma olo atakweza zimakhalabe zotsika kuposa gong'a yatsopano imene idzakutumizani kwa shumeka mwezi usanathe.

Chomaliza chinali kupempha kuti ndithamange nazo. Mnyamata uja anandiyang'ana, anayang'ana nsapato, kenaka anati, "Siyani foni apa." Ndinasiya foni, ndinathamanga kudutsa amayi ogulitsa kapenta mpaka pa matumba a makala ndi kubwelela, anthu akuseka. Yoyamba inkandifinya pa kachala kakang'ono; iye anati idzatanuka, koma nsapato yothamangila siili ngati ya chikopa, ikakufinya pa tebulo idzakufinyabe pa kilomita ya khumi. Yachiwili inali ya imvi, yosakongola, ya kampani imene anyamata a pa kona saidziwa. Nditabwelela pa tebulo ndinazindikila kuti njila yonse sindinaganizeko za mapazi anga.

Tinakangana za mtengo pang'ono, anandichotselako K30, ndipo anandibwezela foni. Lolemba ndinathamanga nayo makilomita asanu chabe, dala, kuti phazi ndi nsapato zidziwane, ndipo kumbuyo kwa buku limene ndimalembamo zidziwitso za pa wailesi ndinatsegula tsamba latsopano la makilomita. Pamwamba ndinalemba 5, ndipo pambali pake ndinawonjezela 100 ya mwini wake woyamba, mongoyelekeza. Bondo mpaka lelo silinakambe kanthu.